Malo Odzaza Lachinayi Lokha

Dzina lakuti a Chidziwitso sanabadwe nalo. Linawapeza ali kale ndi ndevu, pamphambano ya misewu inayi pomwe anaima zaka zambiri atavala jekete lonyezimira, wenzulo kukamwa, kulondolera magalimoto maloboti akafa. Anzawo pantchito yotere ankangokweza dzanja, galimoto n'kuima. Kutsitsa dzanja, galimoto n'kupita. Iwo ayi. Akaimitsa munthu ankasendera pawindo n'kuyamba kumufotokozera chifukwa chomwe amuimitsira, kuchoka apo mbiri ya msewuwo, kenako malangizo a kasamalidwe ka matayala. Kumbuyoko mzere wafika kumsika. Madalaivala a minibasi akawaona chapatali ankatsinana khutu: "Tsekani mawindo, lero kuli chidziwitso." Dzina linamera pomwepo. Eni ake atalimva sanakwiye n'komwe. Analitenga ngati akwezedwa pantchito.

Chibadwire chawo anali munthu wodziwa kuyamba nkhani koma wosadziwa pothera pake. Pamisonkhano ya makolo kusukulu ya ana awo, wapampando ankachita kuyang'ana kudenga kuti asaone dzanja lawo. Kutchalitchi anawapatsako kamodzi mwayi wolengeza za kusesa, anthu anatuluka dzuwa litapendeka. Munthu mmodzi yekha ndiye anawapezera mankhwala: mkazi wawo. Mayiwa ankasoka makatani, ndipo anali ndi shopu yawoyawo pakati pa tauni, m'chipinda cha pamwamba penipeni pa nyumba ina yosanjikizana. Pa zaka zonse za banja anaphunzira kuyankha kuti "eya" mapini ali kukamwa, maso ali pansalu, makutu atawatuma kwina. A Chidziwitso ankawatama kwa anzawo kuti ndi mkazi womvera.

Bondo lakumanja ndi lomwe linawachotsa pamphambano. Litayamba kutupa, akuluakulu a ofesi yoyang'anira misewu anasowa kowaika. Zinangochitika kuti nthawi yomweyo mzinda unali utagula zikwangwani zamagetsi, zazikulu zakuda zija zopingasa pamwamba pa msewu, zomwe mawu ake amasinthasintha. Pankafunika munthu wokhala pansi tsiku lonse kumaika mawuwo. Wina mu ofesimo, kaya mwanthabwala kaya mwankhanza, anati: "Munthu wa zidziwitso tili naye kale."

Chipinda chomwe anawapatsa chinalibe zenera. Khoma lonse lakutsogolo linali masikirini, iliyonse ikuonetsa msewu wake kudzera m'makamera. Patebulo panali kompyuta, foni, ndi fani yolira ngati ikudandaula. Wowaphunzitsa anali injiniya wa zikwangwanizo, mayi wachitsikana wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wosakonda kubwereza mawu.

"Bambo, chikwangwani chija mukachiyandikira mulibemo chilembo ngakhale chimodzi," anatero a Injiniya. "Ndi timagetsi ting'onoting'ono tambirimbiri, tondandalikidwa m'mizere. Mukasankha mawu pano n'kudina batani ili, uthenga umayenda pawaya wa pansi pa nthaka mpaka m'kabokosi ka pamzati. Kabokosiko ndi komwe kamalamula kuti aka kayake, aka kazime. Toyakato ndi tomwe munthu ali patali amationa ngati zilembo. Pamwamba pali kadiso koyeza kuwala. Dzuwa likaswa mtengo timagetsi timawala kwambiri, kukachita mitambo timachepetsa tokha. Zimenezo musazikhudze."

"Ndamva, mwana wanga. Komatu ine zolankhula ndi madalaivala ndinayamba inu musana..."

"Mizere ndi itatu, yaifupi. Munthu akuthamanga, nthawi yowerengera ili ngati yopumira mpweya kamodzi. Muuzeni chachitika, pomwe chachitikira, ndi choti achite. Basi."

A Chidziwitso anavomera ngati munthu yemwe adokotala amuletsa mchere: ndi pakamwa pokha.

M'mawa mwake lole ya simenti inafera pamlatho wodutsa pamwamba pa njanji. Anaiona pasikirini, anakonza kolala, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi. Uthenga wawo woyamba kwa anthu a mumzinda unakwera pachikwangwani motere:

OKONDEDWA MADALAIVALA
TIKUKUDZIWITSANI
MWAULEMU KUTI

Malo anathera pomwepo. Iwo sanaone, anali kalikiliki ndi ndime yachiwiri. Kumsewu madalaivala anawerenga n'kuchepetsa liwiro kudikira zotsalazo. Ena anaimiratu pansi pa chikwangwanicho, makosi atatulutsa pawindo. Pomwe a Injiniya ankalowa m'chipindamo akuthamanga, mzere wa odikira uthenga unali utaposa wa pa lole yakufa ija.

Kuyambira tsiku limenelo anawaletsa kupeka. M'kompyutamo munali mauthenga okonzeratu: NGOZI KUTSOGOLO, CHEPETSANI LIWIRO. MSEWU WATSEKEDWA, DZERANI KUMANZERE. MSEWU WATERERA, SAMALANI. Ntchito yawo inali kuyang'ana masikirini, kusankha woyenera, kudina, ndipo vuto likatha kuuchotsa msanga. A Injiniya anati chikwangwani chomalengeza ngozi yomwe inatha dzulo, mawa palibe adzachikhulupirire.

Anadandaula sabata yoyamba yokha. Kenako anaona chinthu chomwe chinawatsekemera kuposa kulankhula. Zaka zonse pamphambano paja anthu ankawatukwana, kuwaimbira hutala, ena kuwazemba ngati dzenje. Koma pano akangodina DZERANI KUMANZERE, mzere wonse pasikirini unkapinda ngati nyerere zakumana ndi phulusa. Mabasi, malole, magalimoto a anthu olemera a magalasi akuda, onse kumanzere, popanda woyankha. Tsiku lomwe anaziona bwinobwino anaimirira, bondo kuliiwala, n'kudzichitira sawatcha pagalasi la sikirini.

Anagula tayi. Kometetsa tsitsi sankadikiranso kufunsidwa. "Mzinda uno, achimwene, umayenda ndi chala ichi." Panali zikwangwani zina zouza dalaivala kutalika kwa nthawi yomwe atenge kuti akafike pakati pa tauni. Zimenezo kompyuta inkawerengera yokha poona mmene magalimoto akuyendera kuchoka pa kamera ina kufika pa ina, koma a Chidziwitso ankauza wometa kuti amachita kuyeza ndi diso. Kunyumba ananenanso za chala chomwecho, chili m'mwamba. Mkazi wawo anachiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Chikapuma, bambo a ana, chidzakonzeko mpopi wa kubafa. Ukudontha chidonthere."

Patapita miyezi anawawonjezera ntchito ya Chisanja. Ili linali dzina lomwe anthu anapatsa nyumba yaikulu yoimikamo magalimoto pakati pa tauni, yosanjikizana mpaka padenga, pomwenso ankaimikapo. M'misewu yolowera kumeneko munali zikwangwani zing'onozing'ono zouza munthu malo otsala pansanjika iliyonse, kuti asavutike kukwera n'kumangozungulira chabe. Izi sizinkafuna chala cha munthu. Pageti ndi pachitunda chilichonse chokwerera, pansi pa simenti, anakwirirapo waya wozungulira womva chitsulo. Galimoto ikaponda polowera nambala inkatsika, ikaponda potulukira inkakwera. Nambala ikatheratu chikwangwani chinkalemba mofiira kuti PADZAZA, ndipo chitsulo chotchinga njira ya nsanjikayo sichinkanyamukanso.

"Koma wayayo alibe maso," a Injiniya anawachenjeza. "Magalimoto awiri akalowa atanunkhizana, amawerenga imodzi. Wina akadutsa ndi wilibala, amati ndi galimoto. Pomafika madzulo nambala imasochera. Ndiye mlonda wa kumeneko akayendera n'kuona ndi maso, azikuimbirani, inu muzikonza pamanja, m'kabokosi aka. Mukalemba, nambalayo imakhala pomwepo mpaka muimasule. Koma pokhapokha mlonda akaimba."

A Chidziwitso anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. M'kompyuta yonseyo ndi malo okhawo omwe munthu ankaloledwa kulembamo za m'mutu mwake.

Anazolowera kupita ku Chisanja nthawi yopuma masana, kukaima pageti manja kumbuyo ngati mwini nyumba, kumuphunzitsa mlonda mmene makina amagwirira ntchito. Mlondayo anali bambo wachikulire wosamva khutu limodzi, ndipo ankaonetsetsa kuti a Chidziwitso aime mbali ya khutu limenelo. Lachinayi lina kagalimoto kofiira kanaima pafupi nawo, galasi n'kutsika. Munali mayi wa milomo yofanana ndi galimoto yake, zibangili zili waa kumkono.

"Pepani achimwene, ndazungulira mpaka chizungulire. Kodi kumwambaku kulibedi malo?"

"Mayi, mwafunsa mwini wake," anatero a Chidziwitso akukonza tayi. "Manambala mukuonawo amachokera m'manja muno."

Anayamba ndi waya wa pansi pa simenti, anafika pa timagetsi, anabwereranso ku waya. Chodabwitsa, mayiyo sanakweze galasi. Anamvetsera chibwano chili padzanja, maso ali pa iwo.

"Ii, ndiye ndinu bwana wa magetsi! Mutu wanuwu muli zinthu. Ine ndimabwera Lachinayi lililonse masana, koma mavuto ake! Ndikanakhala ndi munthu ngati inu..."

Sanamalize, ndipo kunalibe chifukwa chomalizira. Munthu yemwe moyo wake wonse anthu ankamudula pakamwa anali atapeza khutu, khutu lake la ndolo.

Lachinayi lotsatira, masana akuyandikira, a Chidziwitso anatseka chitseko, anatsegula kabokosi kaja, n'kufafaniza nambala ya padenga. M'misewu monse zikwangwani zinafiira: PADENGA PADZAZA. Magalimoto omwe anali kale pamwambapo anatsika imodziimodzi, ndipo palibe inakweranso. A Chidziwitso anauza mlonda kuti kukubwera munthu wa kulikulu wodzayesa makina, wa galimoto yofiira, amutsegulire ndi kiyi ndipo asafunse zambiri. Mlondayo sanafunse.

Malo amodzi akanakwana. Koma a Chidziwitso sanali munthu wopereka pang'ono. Anapereka denga lonse.

Kamera ya padengapo inkaona pokwerera pokha, kuseri kwa thanki ya madzi sinkafikako. Choncho zomwe ankapeza pa sabata yonse zinali izi: kagalimoto kofiira kakutulukira pachitunda, dzanja la zibangili likutuluka pawindo kubayibitsa kamera, kenako kauthenga pafoni kakuti, "Mwandisamala, bwana wanga wa magetsi." Ankakawerenga mpaka foni kutentha. M'galimotomo sanakweremo ngakhale kamodzi. Mayiyo nthawi zonse anali pachangu, koma ankalonjeza kuti tsiku lina adzakhala pansi amve bwinobwino za kadiso koyeza kuwala kaja.

Iwo anayamba kukonzekera tsikulo. Imvi anazipaka mankhwala akuda, otchipa, omwe kukatentha ankatsikira m'khosi. Anagula perefyumu woti akalowa naye m'minibasi ana ankayetsemula. Lachinayi ankavala malaya a kutchalitchi, ndipo pagalasi la kubafa ankayeserera kumwetulira kobisa dzino lomwe linaguluka.

Pasanapite nthawi mayi uja anaimba foni, mawu ali ofewa ngati thonje.

"Bwana wanga, ndikuchita manyazi kupemphanso. Ndili ndi mchimwene wanga, wa galimoto yoyera. Nayenso amavutika malo. Lachinayi ndi tsiku lomwe timakumana kukambirana za matenda a amayi athu."

"Pepani kwambiri, mayi. Akudwala chiyani? Chifukwa ine za matenda ndimadziwako, bondo langali..."

"Mudzandiuza bwino tikadzakhala pansi. Ndiye abwere?"

A Chidziwitso anamva chisoni, komanso anaona patali: mlamu ndi wofunika kumugwira mtima msanga. Anauza mlonda kuti oyesa makina tsopano ndi awiri.

Pansi pamsewu zinthu zinali zina. Denga ndi lomwe linkanyamula magalimoto ambiri, ndiye Lachinayi masana onse osowa malo ankazungulira Chisanja ngati ntchentche, kuimika m'makhonde a mashopu, kutsekereza maminibasi, kutukwanizana mpaka kutchulana makolo. A Chidziwitso ankaona zonsezo pasikirini n'kusankha uthenga woyenera: MAGALIMOTO ACHULUKA, DEKHANI. Pantchito yawo anali munthu wosamala.

A Injiniya analidabwa Lachinayi. "Kodi kumakhala chiyani tsiku limeneli?" anafunsa. A Chidziwitso anayamba kufotokoza za makhalidwe a anthu a m'tauni kuyambira makedzana, ndipo a Injiniya anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Madzulo ena akudya, mkazi wawo anaponya mawu osadzutsa mutu.

"Makasitomala anga Lachinayi sakubweranso. Akuti kulibe koimika. Komatu makina anu aja akunama."

"Makina sanama, mayi a ana. Inu za singano mumazidziwa, sindingakutsutseni. Koma waya wa pansi pa simenti..." Anafotokoza mpaka chakudya chinazizira.

"Eya," anatero mayiwo. Anayang'ana kolala ya malaya a amuna awo, pomwe panali mzere wakuda, n'kunyamula mbale.

Nkhaniyo sanaiyambitsenso. Anangoti, Lachitatu la sabata ina: "Mawa masana mudzadzere kushopu. Chitsulo cha makatani pazenera lalikulu chaguluka, ndipo tonse mmuja ndife afupiafupi."

A Chidziwitso kushopuko anali asanapondeko chisamukire mkazi wawo m'chipinda cha pamwambacho. Ankati masitepe ndi adani a bondo. Koma masiku amenewo, poti mumtima munali kanthu, anali atasanduka munthu wothandiza panyumba. Mawa lake anafiiritsa zikwangwani monga mwa nthawi zonse, anadikira dzanja la zibangili, anaona galimoto yoyera ikutsatira, n'kunyamuka. Anakwera masitepewo akupumira pakona iliyonse, mankhwala akuda akuyenderera kuseri kwa makutu.

M'shopumo munali makina osokera, nsalu zopindidwa mpaka kudenga, ndi amayi awiri othandiza kusoka, omwe anawapatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso. Pakona panakhala kasitomala atayang'ana kukhoma, akusanthula tizidutswa ta nsalu, nsapato atavula, akusisita mapazi. Mkazi wawo anakoka kampando.

"Kwerani apa. Gwirani chitsulochi m'mwamba, manja onse awiri. Musasiye, ndikapeze zomangira."

Anakwera. Anagwira. Mayiwo anakoka nsalu yomwe inatchinga zeneralo, kuwala n'kulowa.

Denga la Chisanja linali pomwepo, kutsidya kwa msewu, chapansi pang'ono, lopanda kanthu ngati bwalo la mpira tsiku lopanda masewero. Mizere ya malo oimikapo inali mbee, kuchoka uku mpaka uko. Kuseri kwa thanki ya madzi, komwe kamera sinkafika, kunali magalimoto awiri. Mayi wa zibangili anali atatsamira kagalimoto kake kofiira, ndipo mchimwene wake uja, mwamuna wamtali wa mapewa, anali atamugwira m'chiuno. Za matenda a amayi awo ankazikambirana milomo itagundana.

"Banja lokondana," anatero mkazi wawo ali kumbuyo, mawu ali zii. "Ubale wotere ndi wosowa masiku ano. Ife timaonera Lachinayi lililonse. Mlonda anandiuza za oyesa makina anu, khutu lake linalo limamva bwinobwino. Poyamba ndinkaganiza kuti m'galimoto yoyerayo mudzatuluka ndinu, ndi perefyumu wanu uja. Ndinakonzeka kulira. Nditaona kuti inu yanu ndi yongolondera pakhomo, ndinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kumeza pini."

Amayi awiri aja anaweramira pamakina awo, mapewa akugwedezeka. A Chidziwitso anangoimabe pakampandopo. Manja anali m'mwamba, ndipo kutsika sakanatha chifukwa chitsulocho chikanagwera makina.

Kasitomala wa pakona uja anaimirira osavala nsapato n'kubwera pazenera. Anali a Injiniya. Anabwera kudzasankha makatani a kunyumba kwawo, ndipo posowa koimika anasiya galimoto kutali, kuseri kwa depoti ya mabasi, n'kuyenda wapansi padzuwa ndi nsapato zagogoda. Anayang'ana denga lopanda kanthulo. Anayang'ana pansi, pomwe chikwangwani chawo chomwe chinkawala mofiira kuti PADZAZA, magalimoto akulizirana mahutala mochizungulira. Kenako anakweza maso kwa munthu wa pakampando.

"Bambo, mlonda anaimba?"

"Mwana wanga... bwana... waya uja, monga munanenera nokha, alibe maso..."

"Ine ndili nawo."

Mpaka lero mayi wa makatani amalumbira kuti sankadziwa kuti kasitomala ameneyo amagwira ntchito yanji, ndipo zoti anamuuza kuti abwere Lachinayi masana zinangochitika.

A Injiniya anaimba foni kuofesi ali pazenera pomwepo, wina n'kukamasula nambala. A Chidziwitso, akadali pakampando, anaona kufiira kukuzima, chitsulo cha pachitunda chikunyamuka, magalimoto akukhamukira padenga ngati ana otuluka m'kalasi. Abale awiri aja anasiyana mofulumira, aliyense kulowa m'galimoto yake. Apo m'pomwe mkazi wa a Chidziwitso anapeza zomangira. Zinali m'thumba la epuloni yawo.

Pamlandu wa kuofesi, a Chidziwitso mawu anali atawabwerera. Analankhula za zaka zawo pamphambano, za mvula yomwe inawanyowetsa, za bondo. Anati denga ankalitseka kuti simenti yake izipumako. Akuluakulu anamvetsera mpaka mmodzi anayamba kuwodzera. Kuwachotsa ntchito sanawachotse, poti anali atatsala pang'ono kupuma, komanso nkhaniyo inali itasangalatsa ofesi yonse kuposa phwando lililonse lomwe anachitapo. Kabokosi kolemba pamanja anakakhwimitsa: tsopano kuti nambala isinthe, mlonda amatumiza chithunzi, ndipo anthu awiri amavomereza. A Chidziwitso anawatumiza ku gulu lotsuka zikwangwani.

Fumbi ndi zitosi za mbalame zimaphimba timagetsi, ndiye pamafunika wopukuta. Lole imaima pansi pa chikwangwani, munthu amalowa m'chibasiketi chachitsulo, mkono wa makina n'kumukweza pamwamba pa msewu ndi ndowa ndi chikolopa chake. Apo m'pomwe zinadziwika kuti munthu woyendetsa mzinda amaopa m'mwamba. Ankapukuta ndi dzanja limodzi, linalo litakakamira chitsulo, diso limodzi atatsinzina. Madalaivala akale a minibasi anawazindikira msanga, ndipo podutsa pansi ankakuwa: "A Chidziwitso! Kumwambako kwadzaza?" Kwa anzawo a palole ankati anapempha okha kusintha ntchito, poti adokotala anawauza kuti akufunika mpweya wabwino.

Foni ya mayi wa kagalimoto kofiira inasiya kuyankhidwa sabata yomweyo. Kunyumba sanawathamangitse. Mkazi wawo anataya botolo la mankhwala akuda kudzala, perefyumu anakaika kuchimbudzi, komwe anati ndi komwe angathandize. Chokhacho, anati poti amuna awo aonetsa luso logwira chitsulo, Loweruka lililonse azikapachika makatani kwa makasitomala. Wokana analipo? Anayamba kuyenda ndi chikwama cha zomangira, kamakwerero paphewa.

Loweruka lina, imvi zitabwerera zonse, anawatuma kunyumba ina yatsopano kumalire a mzinda.

"Angokwatirana kumene," anatero mayiwo akuwasenzetsa mtolo. "Asankha nsalu yabwino. Mukawapachikire mosamala, ndi anthu odziwa kuyamika."

Anatsika minibasi, anayenda kamtunda, anagogoda. Pabwalo panali magalimoto awiri atawafunditsa nsalu chifukwa cha fumbi. Chitseko chinatseguka, zibangili zinalira.

"Ii! Bwana wa magetsi!" Mayiyo anawomba m'manja mosangalala kwenikweni, wopanda ndi manyazi omwe. "Amunanga, tabwerani mudzaone! Ndi awa ndinkakuuzani aja, amene ankatisungira denga."

Mwamuna wamtali uja anatulukira atavala kabudula, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Anati banja lawo linamangidwira padenga paja. Kwawo kwa mkazi kunali kovuta, kuntchito kunali maso ambiri, ndipo pakanapanda bambowa sakudziwa akanamakumana kuti. Anati paukwati anafunitsitsa kuwaitana, kungoti mkazi wake nambala anali ataifufuta ndipo dzina sankalikumbukira.

"Komanso mwabwera bwino, bambo," anapitiriza. "Ine tsopano andisamutsira ofesi ya pafupi ndi Chisanja pomwepo. Sitikufuna denga lonse ayi, tinakula. Kamalo kamodzi kokha, Lolemba mpaka Lachisanu. Mungatipangireko?"

A Chidziwitso anatula mtolo pansi. Anayang'ana makoma oyera, mazenera opanda kanthu, mayi uja akuwatsanulira madzi ozizira m'tambula. Anamwa madziwo onse, chifukwa ulendo unali wautali ndipo kunali kotentha.

"Za malo muziwerenga pachikwangwani," anatero akutambasula kamakwerero. "Tiyambire zenera liti?"